Ndayamba jakisoni wa testosterone, woseka aseke

Lachiwiri lapitali ndabayitsa jakisoni wachiwiri wa testosterone, homoni yachimuna ija, moti pano ndikulemba nditakhalira thako limodzi, linalo likadali lolemera ngati muli mwala. Nkhaniyi ndakhala ndikuizengereza, paja amunafe za kuchipinda timakamba pokhapokha zikamayenda, tili pa braai Lamlungu botolo lili m'manja aliyense ndi dolo. Zikavuta nde ziii, munthu umafa nazo wekha ngati chithupsa cha pamalo obisika. Koma mu gulupu yathu ya WhatsApp ya a Malawi a kuno ku Joni mwezi sutha osaona wina akufunsa kuti "abale ndani akukwera basi sabata ino anditengereko gondolosi", ena nkumaponya tizithunzi toseka, nde ndati aaa bola ndingonena zanga.

Ndili ndi zaka 44, kwathu ndi ku Salima, kuno ndakhala zaka 13. Ndine caretaker pa mafulati ena ku Randburg, ntchito ya makiyi, mapaipi odontha, ma geyser ndi kutulutsa mabini. Madam amagwira ya m'nyumba ku Bryanston. Ana tili nawo awiri, atsikana okhaokha, wamkulu ali ku sekondale kumudzi, wamng'ono tili naye konkuno. Awiriwa anasiyana zaka 9 pobadwa, ndipo zaka 9 zimenezo zili ndi mbali yake m'nkhani muno.

Tsiku lomwe zinayamba sindingaliloze chifukwa zinabwera ngati chiswe. Poyamba kunali kutopa. Kugona 9 koloko, kudzuka 5 thupi lili ngati ndagona ndikutsitsa matumba a simenti. Masitepe omwe ndinkakwera ndi geyser paphewa ndinayamba kupumira pakati, chimimba nacho chikungotuluka pomwe manja akuwonda, ndevu zomwe ndinkameta masiku awiri aliwonse zinafika pomatha sabata osamera bwinobwino. Komanso kusasangalala kwinakwake kosadziwika mutu wake, olo Bullets iwine ine phee, olo mwana abwere ndi report yabwino ndimangoti "wachita bwino" maso ali pa foni. Ndinkati ndi ukalamba, kapena kuzizira kwa June kwa kunoku, kapena nkhawa za mapepala zomwe tonse tikuzidziwa.

Kenako chilakolako chinangozima. Apa mundimvetse bwino chifukwa anthu amasokoneza. Si kuti galimoto imakaniratu kulira ayi, nthawi zina imalira ndithu, koma dalaivala analibe ulendo. Mwezi kutha, miyezi iwiri, ine osaganizako nkomwe, ndipo zija za m'mamawa zomwe mwamuna aliyense amazidziwa zinasiya kalekale osatsanzika.

Mkazi wa ku Malawi amene mwamuna wake ali ku Joni ndipo wasiya kumukhudza amaganiza chinthu chimodzi basi. Usiku wina magetsi atazima madam anangoti, "Bambo, ngati mwapeza wina wa konkuno mungondiuza, ndisamangodzivuta ndi mtima." Ndinalumbira, ndinawapatsa foni kuti afufuze, sanapeze kanthu, koma kusapeza kanthu kumeneko nde kunawonjeza, akuti ndine kadaulo pofufuta mameseji. Nkhani inakafika kwa ankhoswe, malume kundiimbira kuchokera ku Salima, "mphwanga, Joni yakulowa m'mutu eti?" Nde ndiwayankha chani? Kuti malume wina ndilibe, ngakhale wangayu sindikumufuna? Ndinaona kuti bola andiyese wachimasomaso kusiyana nkuti kumudzi kumveke kuti mkulu uja anagwa mu mpapaya.

Zomwe ndinayesa musandiseke kwambiri, nanunso mwayesapo. Gondolosi ndinatafuna mpaka nsagwada kuwawa, wobwera pa basi kukamutengera ku Park Station. Timapepala tija timamatidwa pa mapolo m'tauni, cha ku Bree ndi ku Noord konse kuja, tolonjeza kubweza mkazi wothawa, kuwinitsa Lotto ndi kukulitsa chida zonse kwa dokotala mmodzi, nambala imodzi ndinaiyimba ndithu. Mkulu wake anandigulitsa botolo la madzi akuda owawa ngati ndulu, zotsatira zake ndinagona ku toilet masiku awiri. Mnzanga wina wa ku Nkhotakota anandipatsa timapilitsi tabuluu tija, tinagwira ntchito yake inde, mutu nkuwawa mphuno kutseka, koma njala ya chinthucho sinabwerere. Ndinadzamva pambuyo pake kuti timapilitsi timeneti timangotsekula mitsempha kuti magazi adutse, za mahomoni tilibe nazo gawo. Zoterezi si za ife tokha, mu 1889 dokotala wina wotchuka ku Paris, Brown-Séquard, ali ndi zaka 72 ankadzibaya madzi ofinyidwa ku machende a agalu ndi mbira nkumalengeza kuti wabwerera unyamata kkkk. Testosterone weniweniyo anadzamupeza mu 1935.

Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma ine ndinatsekula mwangozi. Ndinapita kwa dokotala wa pulayiveti chifukwa cha BP, mayi wachikulire wa msinkhu wa azakhali anga, tinamaliza zonse, dzanja lili kale pa chitseko nde ndinangoti, komanso dokotala ndimatopa kwambiri, ndiponso kunyumba zinthu sizili bwino kwenikweni. Anavula magalasi nkundiuza kuti ndikhalenso pansi. Mafunso anandifunsa aja olo ankhoswe sanafikepo. Zam'mamawa zinasiya liti, ndimameta kangati, ndimamwa mowa wochuluka bwanji, ndimaliza mkonono kapena ayi, ndimamwa mankhwala opha ululu okhala ndi codeine pafupipafupi kapena ayi, ndinabayitsapo zija za ku jimu. Zonsezi akuti zimatsitsa testosterone, pamodzi ndi kunenepa, shuga, kusagona mokwanira, HIV ndi matenda ena okhalitsa.

Kuyezetsa kwake kuli ndi malamulo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Magazi amatenga m'mamawa isanakwane 10 koloko, usanadye kanthu, utagona bwino usiku wake, chifukwa testosterone amakwera munthu ukamagona nkumatsika dzuwa likamapendeka. Inu achimwene a security amene mumachoka ku shifiti ya usiku nkudutsira ku labu, nambala yanu ituluka yabodza, muuzeni dokotala za shifitiyo. Ukakhala ndi chimfine kapena malungo umadikira uchire kaye. Ndipo kamodzi sikokwana, amayeza kawiri masiku osiyana. Yanga yoyamba inatuluka 6.9, yachiwiri patapita masabata atatu 7.2.

Nditalandira 6.9 uja ndinathamangira pa YouTube, kupeza azungu a ku America akuti ukatsika pansi pa 300 nde kuti zavuta. Abale inu, 300 ine 6.9, ndinakhala pa bedi nkumaganiza kuti kodi ndikuyenda bwanji munthu wakufa kale. Kumeneko nkusiyana kwa miyezo chabe, ngati mailosi ndi makilomita. Iwo amayeza mu ng/dL, malabu a kuno ku South Africa amalemba mu nmol/L, ndipo 300 wawoyo kuno ndi cha m'ma 10.4. Momwe anandifotokozera dokotala, kupitirira 12 nthawi zambiri uli bwino, kutsika pansi pa 8 nde kuchepa kwenikweni, pakati pa 8 ndi 12 mpovuta kugamula, amayang'ananso zina monga SHBG, puloteni yomwe imamanga testosterone, komanso testosterone amene akuyenda momasuka m'magazi. Ndipo nambala payokha sapereka nayo mankhwala, pamafunika zizindikiro zikhalepo. Mwamuna aliyense akadutsa zaka za m'ma 30 kapena 40 amatsika pang'onopang'ono, mwina 1 peresenti pachaka, chimenecho si matenda.

Ulendo wachiwiriwo anatenga timabotolo tambiri, shuga, HIV, homoni ina yotchedwa prolactin, PSA yoyezera prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo), kuchuluka kwa maselo ofiira, komanso ziwiri zomwe zinadzaulula zonse, LH ndi FSH. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nandolo kotchedwa pituitary, kameneko ndi kapitawo. Kamatumiza LH kukauza machende kuti apange testosterone, FSH nkumayang'anira za mbewu. Testosterone akachepa pomwe LH nayenso ndi wotsika, vuto lili kwa kapitawo, mwina kunenepa, mwina mankhwala, mwina chotupa mu pituitary momwemo. Koma LH akakwera kwambiri nde kuti kapitawo akukuwa mpaka kusasa mawu koma antchito sakuyankha. Wanga anali wokwera, FSH nayenso pamwamba.

Dokotala anandiyeza kumusi, zamanyazi koma zinatha, kenako anafunsa funso lomwe sindinaliyembekeze. Munadwalapo matsagwidi mutakula kale?

Ndinangoti kakasi. Ndili Fomu 3 ku boarding matsagwidi anagwira hostel yonse, anzanga anatupa masaya nkuchira, ine patatha masiku angapo zinatsikira kumusi, kutupa mbali zonse ziwiri, kumanzere kwambiri, kutentha thupi, kuyenda chotang'adza ngati ndakwera bulu. Anandipatsa panado nkundiuza kuti ndigone. Nditachira la kumanzere linatsala laling'ono ndi lofewa, ine sindinauze munthu, unganene kwa ndani uli ndi zaka 17? Dokotala anati anyamata ambiri amene zimawatsikira chonchi amachira popanda chotsalira chachikulu, koma ena ochepa, makamaka zikagwira mbali zonse, fakitale imawonongeka nkumangogwira ntchito mwa theka, ukamakula nkumatheratu mphamvu.

Nde anati tisanakambe za mankhwala, kodi mukufunanso mwana? Ndinati kwathu akudikira wamwamuna. Anandilembera kapepala kokayezetsa umuna. Za kakapu ndi kachipinda kaja ndisakambe, ndi nkhani ya tsiku lina. Chiwerengero chomwe WHO imati ndi malire a m'munsi ndi mbewu 16 miliyoni pa mililita, zanga sizinafike olo 3 miliyoni.

Ndinatuluka ndi pepalalo nkukakhala pa renki ya matakisi osakwera, takisi zinadzadza zitatu ndikungoyang'ana. Chifukwa chomwe ndinkaona papepalapo si nambala, ndi zaka 9 zija. Mwana woyamba atabadwa tinakhala chaka, ziwiri, zitatu, zinayi kuli ziii, ndipo palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana kwa ine. Ine ndinali nditabereka kale, umboni ukuyenda pabwalo. Amayi anga ankati mkaziyu akumwa mapilitsi mobisa. Alongo anga ankati anachotsapo mimba ali mtsikana nde zinamuwononga. Anamutengera kwa asing'anga atatu, wina cha ku Dedza kumapiri, kumwetsedwa mizu yowawa mpaka kusanza, kutemeredwa mphini m'chiuno zomwe zipsera zake zilipo mpaka lero. Ku mapemphero a usiku anapita, kusala kudya anasala. Titabwera kuno December aliyense tikapita kumudzi nkhani inali yomweyo, kumuyang'ana pamimba asanamulonjere nkomwe. Tsiku lina pa maliro mayi wina ananena mokweza kuti nkhuku yoikira dzira limodzi imangotha chimanga, madam anamva, anangopitiriza kutsuka mbale. Ndipo ine ndinali kuti? Ndinalipo. Sindinkamunyoza ayi, ndimadzitamandira nazo zimenezo kuti ine sindinamunenepo, koma ndalama ya kwa sing'anga ndinkapereka ndine, ndipo tsiku limodzi silinandifikire ganizo loti ndikayezetse nanenso. Wachiwiri atabwera anthu anati mankhwala a ku Dedza agwira.

Pepalalo linakhala m'thumba la ovolosi masiku anayi. Lachisanu usiku mwana atagona ndinaliyala patebulo nkufotokoza zonse, matsagwidi, kapitawo, 3 miliyoni. Ndinkayembekeza kuti mwina asangalala kuti nkhani ya chibwenzi yatha, mwinanso andimvera chisoni. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pepala lomwe ndikudziwa kuti sankaliwerenga, kenako anakweza bulauzi pang'ono kundionetsa mphini zija. "Bambo, izi ndinatemeredwa chifukwa cha matenda anu a ku sukulu?" Sanakuwe, bola akanakuwa. Sabata yonse anagona choyang'ana kukhoma, nsima ankaphika, zovala ankachapa, koma mawu anali "madzi ali pamoto" basi.

Pomwe ndinabwerera kwa dokotala anandiuza chinthu chomwe anyamata a ku jimu sakuuzani. Testosterone wobaya amatseka mbewu. Zili ngati kumudzi akazolowera kuti pa 30 paliponse Mukuru ilira, munda amausiya umere thengo. Kapitawo uja akaona kuti m'magazi testosterone wadzadza amasiya kutumiza LH ndi FSH, machende nkugona, kuchepa msinkhu pang'ono, mbewu kutsika mpaka kwa ena kufika pa ziro. Moti cha m'ma 1990 WHO inamuyesa ngati njira yolerera ya abambo, ngakhale sagwira mofanana kwa aliyense nde musamudalire pa kulera. Ukasiya, kwa ambiri zimabwerera patapita miyezi, ena chaka kapena ziwiri, koma kwa munthu ngati ine amene munda unali kale wokanika, anati ndiganize ngati ndikutseka chitseko. Amene vuto lawo lili kwa kapitawo ndipo akufunabe ana ali ndi njira zina, jakisoni wa hCG kapena mapilitsi a clomiphene omwe amadzutsa machende kuti adzipangire okha, ndipo amene vuto ndi kunenepa nthawi zambiri amauzidwa ayambe achepetsa thupi, nambala imakwera yokha. Kwa ine kukuwira antchito mowonjeza kunalibe phindu. Nde iwe mphwanga wa zaka 28 amene sunakwatire koma ukubayidwa kuseri kwa jimu kuti chifuwa chitambasuke, dziwa chomwe ukugulitsa.

Nditawauza madam zimenezi ndi pomwe anayankhula bwinobwino koyamba. Anati iwo ali ndi zaka 41, mimba ina aisenza bwanji ndi ntchito ya kwa azungu yokolopa nyumba ya zipinda 5, fodya wako ndi amene ali pamphuno, atsikana awiriwa akwana. "Kabayitseni. Koma amayi anu muwauze nokha, ndi pakamwa panu, ine ndili pompo."

Za amayizo ndinati ndiona. Ndinayamba ndi chophweka, jakisoni.

Kuno testosterone ali pa Schedule 5, kutanthauza kuti ku pharmacy ngati Dis-Chem kapena Clicks sangakupatse popanda kalata ya dokotala. Timabotolo togulitsidwa m'zikwama ku jimu ndi pa Facebook palibe amene angakutsimikizire zomwe zili mkatimo, ndipo anyamata aja amabaya mlingo woposa wa kuchipatala kangapo, zimenezo si chithandizo. Dokotala anandiyalira njira zitatu. Pali Depo-Testosterone, wobaya sabata iliyonse kapena masabata awiri, wotsikirapo mtengo koma ena amadandaula kuti masiku oyamba umakhala pamwamba kenako nkugwa jakisoni wina asanafike. Pali wopaka pakhungu m'mawa uliwonse, koma ameneyu amatha kupatsira mkazi kapena mwana akakhudza pomwe wapaka, ndipo ife tikukhala chipinda chimodzi ndi kakhitchini, mwana amandikwera pamapewa daily, ndinakana. Wachitatu ndi Nebido, 1000 mg mu 4 ml, woyamba, wachiwiri pakatha masabata 6, kenako pakadutsa masabata 10 mpaka 14. Ndinasankha ameneyu chifukwa bwana wanga sangandilole kumasowa pantchito kawirikawiri. Mtengo wake umaluma, medical aid ndilibe, mwezi wa jakisoni ndalama yotumiza kumudzi imachepa ndipo amadziwa kuti yachepa.

Kubaya kwake si kwa katemera kuja kongoti tsyo basi. Mankhwalawo ali mu mafuta a nsatsi, eee nsatsi zomwe zija agogo ankakazinga nkusinja kuti apeze mafuta odzola, nde ndi olemera, nesi amakugoneka chafufumimba nkumakankha pang'onopang'ono mkati mwa mnofu wa thako, mphindi yathunthu kapena kuposa, iwe ukungowerenga matailosi. Akathamangitsa kapena timafuta tikalowa mu mtsempha munthu amatha kuyamba kutsokomola ndi kubanika pompo, nchifukwa chake ukabayidwa amati ukhale kaye pa benchi asanakulole kupita. Ine sizinandichitikire. Chomwe chinandichitikira ndi kukwera takisi ya ku Randburg mpando wakumbuyo, mahampu onse ndinawamva ndi thako limodzi.

Zoopsa zake anandiuza osabisa, ndipo china chikukhudza ife a ku Joni makamaka. Testosterone amachulukitsa maselo ofiira, magazi nkukhuthala, ndipo magazi okhuthala amaundana msanga, stroke imayambira pamenepo. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe kwathu kunyanja ku Salima ndi cha m'ma 500, nde thupi la munthu wokhala kuno limapanga kale maselo ofiira ochulukirapo chifukwa mpweya ndi wopepuka. Muyezo wake amati haematocrit, wanga ndisanayambe unali 47, ukadutsa 54 amaimitsa kapena kutalikitsa jakisoni, nthawi zina kukuchotsako magazi. Wosuta fodya ndi woliza mkonono wobanika kutulo amakwera msanga. Prostate nayo amailondola ndi PSA, munthu amene ali ndi khansa ya prostate kapena ya bere sapatsidwa, ndipo ife akuda khansa ya prostate imatigwira kwambiri kuposa mitundu ina nde si zongodumpha. Za mtima ndinafunsa chifukwa cha BP yanga, anati kafukufuku wamkulu wotchedwa TRAVERSE amene anatuluka mu 2023, wa amuna oposa 5,000 a zaka 45 mpaka 80 omwe anali kale pa chiopsezo cha mtima, anapeza kuti opaka testosterone sanadwale mtima kapena stroke kuposa anzawo, koma kugunda kwa mtima kosokonekera ndi magazi oundana m'mapapo zinaonekako mochulukirapo. Nde mapilitsi a BP ndikumwabe, mowa ndachepetsa, osati kusiya, tisanamizane.

Tsono zasintha chani pa masabata 6? Masabata awiri oyamba palibe, ndinayamba kudandaula ndalama yanga. Sabata yachitatu m'mawa wina ndinadzuka nkupeza mlendo amene anasowa zaka wabwera, ndinaseka ndekha m'bafa ngati wamisala. Chilakolako chabwerera, osati cha mnyamata wa zaka 20 ayi, cha munthu wabwinobwino basi. Mtima wapepukako, Loweruka ndinapezeka ndikukuwa pa mpira mpaka neba kugogoda khoma. Kutopa kwachepa koma sikunathe, masana ndimasinzabe, chimimba chili pompo sichinasunthe, dokotala anati za minofu ndi mafuta zimatenga miyezi ndipo jakisoni sanyamula zitsulo m'malo mwako. Ziphuphu zatuluka kumsana ngati mwana wa Fomu 1, nsonga za mabere zinawawako sabata imodzi nkusiya. Sabata yachisanu ndinamva ngati mphamvu ikubwerera pansi, nchifukwa chake wachiwiriyu amabwera msanga. Magazi akayezanso ndisanabayitse wachitatu, kuti aone pomwe nambala imafika ikatsikitsitsa, pamodzi ndi haematocrit ndi PSA. Ndipo kwa ine izi nzamoyo wonse, ndikadzabwerera ku Salima ndidzayenera kudziwa komwe ndizikawapeza, nkhani imeneyo ikundisowetsa tulo pang'ono.

Kuchipinda zinthu zinabwerera koma ngongole ija inali isanabwezedwe, ndipo madam sanaikumbutse ndi kamodzi komwe, zomwe zinali zowawa kuposa kukumbutsa. Lamlungu lapitali titachoka ku tchalitchi ndinagula airtime, osati WhatsApp chifukwa netiweki ya kumudzi imadula pakati pa nkhani, nkuimbira amayi, foni pa loud, madam atakhala pa bedi akupinda zovala. Tinayamba ndi za mvula, za mbuzi yomwe inaba chimanga kwa aneba, za fizi ya mwana, ine ndikungozungulira, mpaka madam anasiya kupinda nkundiyang'ana.

Ndinati amayi, mukukumbuka matsagwidi ndinadwala ndili Fomu 3 aja? Anati eya, si ndinakutumizira thobwa ndi nsinjiro ku sukulu. Ndinati aja anandiwononga, madokotala a kuno ayeza, vuto la ana m'nyumba muno linali ine kuyambira kale, mayi a ana analibe chilichonse, ndipo mdzukulu wamwamuna musamudikirenso. Kunali zii, ndinkangomva nkhuku ndi wailesi ya aneba. Kenako anati, "Iwe, zimenezi wauza ndani wina?" Ndinati palibe. Anati usauze munthu. Ndinati amayi, mayi a ana ananyozedwa pagulu, pa maliro, pa chitsime, zimenezo sizinali zobisa. Kunalinso zii wina wautali, mpaka ndinayang'ana foni ngati yaduka.

"Apatse foni apongozi angawo."

Madam anachotsa loud, anavala masilipasi nkutuluka nayo panja kuseri kwa mabini komwe ndimasungira makwerero. Ndinawaona pawindo ataima chondifulatira, dzanja lina lili m'chiuno, nthawi zambiri akungomvetsera. Anakhalako mpaka airtime inatha. Atalowa maso anali ofiira, anandibwezera foni nkunena kuti amayi akuti December tikabwere ndi shuga ndi bulangeti lija analonjezedwa chaka chatha, kenako anafunsa tsiku la magazi kuti alilembe pa kalendala ya pa filiji, chifukwa inu bambo mumaiwala.